Mimba siidziwa malire: mtengo wa mbale kwa apaulendo a ku Chitipa

Ku Lilongwe munthu akanena kuti akupita kunja, anansi amaganiza za ndege, sutikesi ya matayala ndi jekete lochindikala. Ku Chitipa mawu omwewo sadzidzimutsa munthu. Kunja ndi kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Munthu amalawirira, n'kukwera njinga yamoto, ndipo dzuwa likamafika paliwombo amakhala ali kale m'dziko la eni, akufunsa mtengo wa mpunga m'chilankhulo china, ndalama ya m'manja mwake nayo ili ina.

Boma limeneli, lomwe atsamunda ankalitcha Fort Hill, lili kunsonga kwenikweni kwa dziko lathu, lopanikizika pakati pa Tanzania ndi Zambia. Kalembera wa mu 2018 adapezako anthu opitirira 230,000, ndipo pamsika wa pa boma mumamva Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chinamwanga ndi Chitumbuka, osaiwala Chiswahili ndi Chibemba zomwe ambiri amazitolera pa malonda. Kupita ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu watala womwe adamanga anthu a ku China. Mzuzu ili makilomita opitirira 300, Lilongwe pafupifupi 700. Koma Tunduma ndi Nakonde, matauni awiri ogundana pamalire a Tanzania ndi Zambia, ali pafupi kuposa Mzuzu. N'chifukwa chake zitenje, nsapato, mabeseni, sopo ndi zipangizo za njinga zamoto zambiri zomwe mumaziona m'magolosale a ku Chitipa zidadzera njira imeneyo, ena podutsa pa Mbilima kulowa ku Isongole m'boma la Ileje, ena pa Kanyala kulunjika ku Nakonde, ena pozungulira ku Karonga kukadutsa pa Songwe.

Wa geni akamakonzeka ulendo wokapikula katundu, amakhala pansi ndi kope. Amalemba mpamba. Amalemba ya galimoto, popita ndi pobwera. Amalemba msonkho wa MRA, ya onyamula katundu, ya malo ogona. Mukamufunsa za chakudya, yankho lake nthawi zambiri ndi limodzi: tikaonera komweko. Mawu awiriwa adya mpamba wa anthu ambiri kuposa momwe iwo eni amaganizira. Msonkho umapweteka chifukwa umachoka kamodzi, wonse uli pamaso. Ya chakudya imachoka pang'onopang'ono, tiyi uku, botolo la madzi uku, kanyama kootcha poyembekeza basi, ndipo pobwerera munthu amangoona kuti phindu lachepa, osadziwa kuti lidalowa m'mimba mwake momwe.

Makolo athu nkhaniyi ankaidziwa bwino, ndipo adaipatsa dzina: kamba. M'zaka za m'ma 1930, pamene golide adatchuka ku Lupa, kufupi ndi Chunya m'dziko la Tanganyika, amuna ambiri a kumpoto kwa Nyasaland ankapita kumeneko wapansi. Ena ankalowera kumigodi ya mkuwa ku Northern Rhodesia. Panjira padalibe malesitilanti. Munthu ankanyamula ufa, mtedza, chimanga chokazinga ndi kamphika, ndipo masiku a ulendo ankawayeza ndi kulemera kwa thumba. Ufa ukatha ulendo usanathe, ankaima n'kugwira ganyu kuti apeze wina. Palibe yemwe ankanyamuka pakhomo asanayankhe funso loti adya chiyani. Ife a masiku ano tili ndi mabasi ndi mafoni, koma funso limenelo talisiya kumbuyo.

Mtengo umayambira kwa wosintha ndalama

Chinthu choyamba chomwe wapaulendo wa ku Malawi ayenera kumvetsa n'chakuti mtengo wa mbale ya ku Tunduma sauika mayi wophika yekha. Theka lake limaikidwa pamalire, m'manja mwa mnyamata wa mpukutu wa ndalama uja amakuthamangirani musanatsike bwino pa njinga.

Amalonda akale amakumbukira nthawi yomwe kwacha inkalemekezeka kutsidyako. Cha m'ma 2010, dola imodzi ya ku America inali pafupifupi K150, pomwe ku Tanzania inali mashilingi pafupifupi 1,400. Kwacha imodzi inkagula mashilingi asanu ndi anayi kapena kuposerapo, ndipo Mmalawi akasintha ndalama thumba linkatupa. Kenako kudabwera Meyi 2012, pamene boma la Joyce Banda lidagwetsa kwacha kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola. Mu Meyi 2022 idagwetsedwanso ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Kuyambira mu Malichi 2024 mtengo wa kubanki wakhala pa K1,751, kutanthauza kuti papepala kwacha imodzi imagula pafupifupi shilingi imodzi ndi theka. Koma wa geni wa ku Chitipa ndalama yakunja saipeza kubanki. Amaipeza pamsewu, komwe mu 2025 dola inkagulitsidwa pa mtengo woposa kuwirikiza kawiri wa kubanki. Pa mtengo umenewo zinthu zidatembenuka: shilingi ndiyo idakhala pamwamba pa kwacha.

Tiyerekeze mbale ya mpunga wa nyemba ya mashilingi 2,000. Pa mtengo wa kubanki ndi pafupifupi K1,400. Pa mtengo wa pamsewu, dola ikakhala pa K4,000, mbale yomweyo yadutsa K3,000. Mayi wophika sadakweze kalikonse, nyemba ndi zomwezo, chipande ndi chomwecho, koma kwa Mmalawi mbaleyo yakwera kawiri. Ndiye amene amawerengera chakudya cha ulendo m'makwacha, potengera mtengo womwe adasinthira mwezi wathawu, akudzinamiza yekha. Ndalama ya m'mimba iyenera kuwerengedwa mu ndalama ya dziko lomwe mukadyeko, ndipo ndi bwino kuisintha yonse kamodzi n'kuiika payokha.

Palinso lamulo lomwe ena sadalimve. Mu Malichi 2025 boma la Tanzania lidakhazikitsa malamulo oti malonda onse a m'dzikomo azitchulidwa ndi kulipiridwa m'mashilingi basi. M'midzi yoyandikana ndi malire anthu amadziwana ndipo amamvana mwa njira zawo, koma mukangolowa mkati, kwacha ndi pepala chabe. Simungagulire ngakhale ndasi limodzi.

Mawu ochepa a pamsika amathandiza. Jero ndi mashilingi 500. Buku ndi 1,000. Ya 10,000, yomwe ndi yaikulu pa ndalama zonse zapepala za ku Tanzania, amaitcha msimbazi chifukwa cha kufiira kwake. Munthu wotulutsa msimbazi pogula tiyi wa jero amadzionetsa yekha kuti ndi mlendo, ndipo chenji yake imatha kubwera yoperewera iye osazindikira. Posintha ndalama, pemphani kuti gawo la chakudya likhale la mabuku ndi ma 2,000.

Kwa mama ntilie

Malo omwe amapulumutsa mpamba wa Amalawi ambiri ku Tanzania ndi kwa mama ntilie, omwe ena amawatcha mama lishe. Awa ndi amayi ophika chakudya m'misasa ya m'mbali mwa misika ndi m'madepoti, ngati a chiimirire kwathu kuno, kungoti iwo amakhala ndi benchi. Mukalowa mumapeza mapoto akuluakulu pa mbaula zamakala, lina la mpunga, lina la nyemba zothira mkaka wa kokonati, lina la nyama, lina la masamba. Kamtsikana kamabwera ndi jagi ndi beseni kudzakusambitsani m'manja. Pakhoma nthawi zambiri palibe mndandanda wa mitengo. Aliyense wodya pamenepo amaudziwa, kupatula inu.

Ine phunziro langa ndidalipeza pa benchi yotere ku Tunduma, ulendo wanga woyamba. Ndidafika ndi njala ya tsiku lonse, ndipo m'malo mofunsa ndidangoloza. Ndidaloza mpunga, ndidaloza nyama. Mayiyo atandifunsa kanthu kena m'Chiswahili ndidagwedeza mutu kuvomera, poopa kuoneka mbuli, ndipo padabwera kambale ka nthochi zophika ndi nyama. Adafunsanso, ndidagwedezanso, padabwera soda wozizira. Polipira ndidapeza kuti ndadya ndalama ya masiku awiri. Mayiyo sadandibere ngakhale shilingi imodzi. Chilichonse adandifunsa, ndipo chilichonse ndidavomera. Bambo wina yemwe adakhala pambali panga, dalaivala wa thiraki, adadya mpunga wa nyemba ndi masamba, n'kumwa madzi, n'kulipira gawo limodzi la magawo atatu a ndalama yanga, ndipo adatuluka atakhuta kuposa ine.

Chiyambire tsiku limenelo sindikhala pa benchi ndisanafunse kuti bei gani, kutanthauza kuti mtengo wake ndi wotani. Ngati wophikayo ndi wamkulu kwa ine ndimayamba ndi shikamoo, moni waulemu wa Chiswahili, iye n'kuyankha kuti marahaba. Moni umenewu sutsitsa mtengo, koma ndaona kuti chipande chimalowa mozama mumpoto.

Mayina a zakudya nawo ndi ofunika kuwadziwa chifukwa ndiwo amanena mtengo. Wali maharage, mpunga wa nyemba, ndiye mbale ya munthu wosunga ndalama, ndipo imakhala m'mimba nthawi yaitali. Ugali ndi nsima, koma ya kumeneko ndi yolimba kuposa yathu, ndipo amakupatsani chibuma chimodzi m'malo mwa mitanda. Ndizi nyama ndi nthochi zophika ndi nyama, zomwe munthu wa ku Karonga kapena ku Misuku sangazidabwe chifukwa n'zofanana ndi mbalaga. Pilau ndi wokwererapo. M'mawa kuli tiyi wa mkaka ndi chapati kapena mandasi, ndipo ena amamwa supu, msuzi wa nyama ya ng'ombe kapena mbuzi. Dera la Kyela, kungodutsa pa Songwe, limalima mpunga wonunkhira ngati kilombero wathu wa ku Karonga, kotero kuti m'chigawo chonse cha Mbeya mpunga si chakudya cha pa Khirisimasi. Ndi cha tsiku lililonse, ndipo Mmalawi wokakamira nsima ndi nkhuku kumeneko akulipira zambiri pofuna kudya ngati ali kwawo. Akuluakulu adati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, koma nthanga za ku Mbeya n'zokoma ndithu.

Msampha weniweni wa achinyamata ndi chipsi mayai, tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira, chomwe a kumeneko amachitchanso zege. Chimapezeka pangodya iliyonse, fungo lake limakoka, ndipo pambali pake pamakhala mishkaki, tinyama tootcha pakamtengo. Kamtengo kamodzi n'kotchipa, n'chifukwa chake palibe amene amadya kamodzi. Mukaphatikiza tchipisi, timitengo tinayi ndi soda, mwalipira mbale ziwiri kapena zitatu za mpunga wa nyemba, ndipo pakatha maola atatu njala yabweranso. Sindikunena kuti munthu asalawe. Kupita ku Tanzania osadya zege n'kudzimana zosafunika. Koma likhale tsiku limodzi, tsiku lomwe katundu wagulidwa kale ndipo wakwera galimoto.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamagonetsa Amalawi ndi njala ndi nthawi. Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Kuwonjezera apo, Chiswahili chimayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti saa moja ya m'mawa ndi 7 koloko, ndipo saa saba ndi 1 koloko masana. Mayi akakuuzani kuti chakudya chipsa saa sita, akunena 12 koloko masana, yomwe pa wotchi ya ku Malawi ndi 11 koloko. Mapoto a mama ntilie amatha msanga. Wofika mochedwa amapeza akutsuka, ndipo amakathera m'lesitilanti ya magalasi komwe mbale yomweyo ndi yodula kawiri kapena katatu.

Kwacha inzake

Ku Nakonde vuto ndi lina. Ndalama ya ku Zambia nayo ndi kwacha, ndipo khutu la Mmalawi likamva kuti nshima ndi makwacha makumi angapo limasangalala, poti kwathu ndalama yotere sigula ngakhale bokosi la machesi. Koma dziko la Zambia lidachotsa maziro atatu pa ndalama yake mu 2013, ndipo lero kwacha imodzi ya kumeneko imagula makwacha athu opitirira makumi asanu ngakhale pa mtengo wa kubanki. Pamsewu ndiye kuposa pamenepo. Nambala yaing'ono imapusitsa, ndipo dzanja limatuluka m'thumba mosavuta.

Chakudya chake n'chapafupi ndi chathu. Nshima, yomwe Abemba amati ubwali, imadyedwa ndi kapenta, nyemba, kapena ifisashi, ndiwo zamasamba zotendera. Palinso chikanda, chomwe kwathu timati chinaka. Amalonda odziwa njira, popeza Nakonde ndi Tunduma n'zoyandikana moti munthu amayenda wapansi, amayerekeza mbali ziwirizo n'kusankha kodyera potengera momwe ndalama zasinthira sabata imeneyo. Koma kusintha kawiri, kwacha yathu kupita ku shilingi kenako shilingi kupita ku kwacha ya Zambia, n'kudyetsa osintha ndalama awiri. Aliyense amadulapo yake.

Msewu wa ku Kariakoo

Omwe mpamba wawo wakula sathera pa Tunduma. Amapitirira mpaka ku Dar es Salaam, kumsika wa Kariakoo, ulendo wa makilomita opitirira 900 kudzera ku Mbeya, Makambako, Iringa, Mikumi, Morogoro ndi Chalinze. Apa ndi pamene kamba amaonetsa ntchito yake.

Basi ya ulendo wautali imaima pamalo odyera omwe kampaniyo idasankha, kawirikawiri patali ndi msika uliwonse. Kondakitala amalengeza mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Anthu makumi asanu amatsika nthawi imodzi, ena kuthamangira kuchimbudzi, ena pamzere wa chakudya. Palibe nthawi yofunsa mtengo, palibe kwina kopita, ndipo eni malowo akudziwa zimenezo. Mbale ya pamenepo ndi yodula kuposa ya mama ntilie, ndipo theka lake mumadyera m'basi, litazizira. Amayi omwe ayenda njira imeneyi zaka zambiri satsika n'komwe ndi chikwama cha ndalama. Amamasula kansalu: mbatata yophika, mtedza wokazinga, zitumbuwa, chigumu, mazira owiritsa, nthochi za ku Misuku. Zonsezi kunyumba zidagulidwa ndi kwacha, kapena zidachokera kumunda, ndipo sizidadutse m'manja mwa wosintha ndalama.

Kamba ali ndi malamulo ake. Choyamba, asakhale m'jumbo. Kuyambira pa 1 Juni 2019 dziko la Tanzania lidaletsa majumbo apulasitiki, ndipo lamulolo limakhudzanso alendo olowa m'dzikomo. Kontena ya chivindikiro kapena kansalu koyera n'zokwanira. Chachiwiri, akhale wa pakamwa panu, osati thumba lathunthu looneka ngati malonda, chifukwa mbewu ndi zakudya zochuluka zimafuna zikalata pachipata. Chachitatu, kumbukirani kuti Chitipa ndi kozizira koma Dar es Salaam ndi ng'anjo. Nkhuku yokazinga yomwe ingakhale masiku awiri ku Misuku, kunyanja ya mchere kuja imasasa tsiku limodzi. Zouma ndizo zimafika.

Ku Kariakoo komweko chakudya chotchipa chilipo chambiri, m'tinjira ta kuseri kwa mashopu komwe amadya onyamula katundu ndi ogulitsa m'masitolo. Lamulo losalephera ndi lakuti mutsatire iwowo. Pomwe padzaza anthu ovala zantchito, chakudya chake n'chatsopano chifukwa mapoto sakhalitsa, ndipo mtengo wake ndi wa eni dera. Amene akupita m'mwezi wa Ramadan adziwe kuti malo ena odyera a Asilamu satsegula masana, koma dzuwa likangolowa misewu imadzaza ndi zakudya.

Njira ina yomwe amayi ambiri amagwiritsa ntchito ndi yofanana ndi memo ya m'maofesi ndi m'magalaja kwathu. Akayenda anayi kapena asanu, amasonkha ya chakudya kwa munthu mmodzi, amagona malo amodzi, amagula buledi, shuga ndi madzi a botolo lalikulu pamodzi. Botolo limodzi lalikulu ndi lotchipa kuposa timabotolo ting'onoting'ono tokwana madzi omwewo. Vuto la memo ndi lodziwika: pamakhala wina wokonda nyama pomwe anzake agwirizana nyemba. Zimenezo zimafunika kukambirana galimoto isananyamuke pa Chitipa, osati pa benchi ya mama ntilie anthu akuonerera.

Masiku omwe simudawawerengere

Cholakwa chachikulu pa mawerengero a chakudya si mtengo wa mbale. Ndi chiwerengero cha masiku. Munthu amati ndipita Lolemba, ndibwera Lachisanu, ndipo amanyamula ya masiku asanu ndendende, ngati kuti msewu adapangana nawo. Koma thiraki yonyamula katundu imachedwa kudzaza. Netiweki ya pachipata imagwa. Nthawi ya dzinja misewu yafumbi ya kumalire imasanduka phala, galimoto n'kugona m'matope.

Ndipo pali zina zazikulu zomwe wa geni sangazione zikubwera. Mu Malichi 2025 boma la Malawi lidaletsa kulowetsa katundu wina wakunja, kuphatikizapo zakudya zomwe zambiri zimachokera ku Tanzania. Mu Epulo, nduna ya zaulimi ya ku Tanzania pa nthawiyo, Hussein Bashe, idabwezera poletsa mbewu za ku Malawi kulowa m'dzikomo. Chiletsocho chidachotsedwa patangopita masiku ochepa maiko awiriwa atagwirizana zokambirana, koma m'masiku ochepawo anthu adakhala pa Songwe ndi katundu wawo, ndipo ankadya. Chakumapeto kwa chaka chomwecho, chisankho cha pa 29 Okutobala chitadzetsa chipwirikiti ku Tanzania, boma lidaletsa kuyenda usiku mu Dar es Salaam, intaneti idazimitsidwa kwa masiku angapo, mashopu adatsekedwa ndipo magalimoto adaima. Yemwe ndalama yake yonse idali m'foni, kapena ankadalira kuti abale amutumizira, adaona zakuda. Chakudza sichiimba ng'oma. Pa ulendo uliwonse wodutsa malire payenera kukhala ndalama ya chakudya ya masiku awiri owonjezera, yapepala, yosungidwa pena pomwe dzanja silifikapo msanga.

Ena, poona zonsezi, amasankha njira yodzimana. Ndawaonapo amayi akuyenda tsiku lonse m'dzuwa la Kariakoo ndi tiyi wa m'mawa yekha, kuti ndalama ya nkhomaliro igule nsapato zina ziwiri. Ndimawamvetsa, koma sindigwirizana nawo. Munthu wanjala sawerenga bwino chenji, satsutsa mtengo mpaka pamapeto, amavomera msanga kuti achoke. Ndalama yomwe wapulumutsa pa mbale amaitaya pa belo. Ndipo amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV, kudumpha chakudya kumamuika pangozi ali kutali ndi kwawo.

Pomwe sipayenera kuumira n'komwe ndi pa madzi. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 udapha anthu opitirira 1,700 m'Malawi muno, ndipo matauni a pamalire, komwe anthu ndi ambiri koma zimbudzi ndi mipopi n'zochepa, ndi malo omwe matendawa amakonda. Madzi a m'jagi ya pa benchi ndi osambira m'manja. Akumwa akhale a m'botolo lotseka, kapena tiyi wowira. Kachumbari, saladi ya tomato ndi anyezi yomwe amaika pambali pa tchipisi, ndi yokoma, koma siidutsa pamoto. Kutsegula m'mimba uli m'basi ya maola opitirira khumi ndi asanu ndi chinthu chomwe sindingafunire ngakhale mdani wanga, ndipo kuchipatala cha eni mlendo amalipira.

Tiike manambala

Tiyerekeze mayi wa ku Chitipa akupita ku Kariakoo, ulendo wa masiku asanu. Manambala awa ndi ongoyerekezera, aliyense aikepo mitengo yomwe waipeza sabata imeneyo. Tiyi ndi chapati m'mawa, mashilingi 1,500. Nkhomaliro 3,000. Mgonero 3,000. Madzi 1,500. Pa tsiku ndi 9,000, pa masiku asanu 45,000. Kuwonjezera masiku awiri a mwadzidzidzi, 63,000. Dola ikakhala pa K4,000 pamsewu, ndalama imeneyi ikuyandikira K100,000, kuposa K90,000 yomwe inali malipiro otsikitsitsa a pamwezi mu 2024. Ndipo apa mulibe soda, mulibe nyama yootcha, mulibe kugulira mnzanu tiyi.

Kwa wa mpamba wa mamiliyoni ambiri, K100,000 ndi yochepa. Kwa mayi yemwe watenga K800,000 ku banki m'khonde, ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a ndalama yonse, ndipo chiwongoladzanja chikumudikira kunyumba. Akanyamula kamba wa masiku awiri a m'basi, popita ndi pobwera, wachotsapo kale ndalama yooneka. Chofunika kwambiri n'chakuti ndalama imeneyi ilowe pa mtengo wa katundu. Ambiri akafika kunyumba amawerengera phindu pochotsa mtengo wogulira, galimoto ndi msonkho basi, mpunga wa ku Tunduma n'kuuiwala. Akatero amagulitsa chitenje pa mtengo womwe akuganiza kuti wapindula, chonsecho wangobweza yake yomwe.

Ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe akamapita kunja amalandira alawansi ya tsiku ndi tsiku, yowerengedwa m'madola, chakudya chili momwemo. Wa geni alibe womulembera fomu yotere. Ayenera kudzilembera yekha, ndipo n'zodabwitsa kuti maphunziro ambiri a zamalonda omwe amaperekedwa kwa magulu a amayi amakamba za msonkho, zikalata ndi kasungidwe ka mabuku, koma za mbale ya panjira sazitchula kawirikawiri.

Inu amene mukunyamuka sabata ino kudzera pa Mbilima, pa Kanyala kapena pa Songwe, musanatseke kope lija onjezerani mzere umodzi pansi pa msonkho. Lembani masiku a ulendo, muwonjezerepo awiri, muchulukitse ndi mtengo wa mbale zitatu ndi madzi, m'mashilingi kapena m'kwacha ya Zambia. Ndalama imeneyo isakhale m'chikwama chimodzi ndi mpamba. Imangeni pa mfundo ya chitenje payokha, ndipo mbatata ziphikidwe usiku wa lero.